Njuchi Zimene Sizibwerera ku Mng'oma

Munthu amene waweta njuchi kwa zaka zingapo sachita kutsegula mng'oma kuti adziwe ngati m'katimo muli mtendere. Amangoima chapatali dzuwa litakwera pang'ono nayang'ana pakhomo. Akaona njuchi zikutuluka ngati mivi, zina zikulowa zitasenza timibulu ta mungu tachikasu ku miyendo yakumbuyo, amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, pakuti mungu wolowawo ukumuuza kuti m'zisa muli ana ofuna kudyetsedwa ndipo mfumukazi ikuikira mazira. Koma tsiku limene apeza njuchi zakufa zili mbwee pansi pa mng'oma, zina zikunjenjemera ndi kuzungulirazungulira padothi malilime ali kunja, safunsanso kuti kwagwanji. Amadziwa kuti dzulo lake wina wapopera mankhwala m'munda umene mbewu zake zikuchita maluwa.

Imfa yotere ndi yomvetsa chisoni, komabe ili ndi ubwino umodzi: imaoneka ndi maso, ndipo mwini wake angathe kuitana mboni. Imene yazunguza mitu ya akatswiri a za ulimi kwa zaka 30 zapitazi ndi ina, yosasiya mitembo pakhomo. Mng'oma umangonka nuchepa mphamvu, uchi sukwana, ndipo tsiku lina mwini wake amaupeza uli zii. Kuti timvetse imfa yachiwiriyi, tiyeni tiyambe ndi yoyamba ija, monga inagwera anzathu a ku Ulaya.

Fumbi la m'chigwa cha Rhine

Kumwera chakumadzulo kwa dziko la Germany, m'chigawo cha Baden-Württemberg, kuli chigwa chachonde cha mtsinje wa Rhine kumene alimi amadzala chimanga chambiri monga ife. M'chaka cha 2007 kumeneko kunapezeka kachirombo kochokera ku America kamene mphutsi zake zimadya mizu ya chimanga mpaka phesi kugwa. Pofuna kukagonjetsa kasanafalikire, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi 2008 alimi anadzala mbewu yokutidwa ndi mankhwala otchedwa clothianidin, pa muyeso waukulu kuposa wa masiku onse. Palibe amene anapopera kanthu. Mankhwalawo anayenera kukwiririka pamodzi ndi njere, kutali ndi njuchi.

Koma pa mbewu ina mankhwala sanamatidwe bwino, ndiye ankanyenyeka n'kusanduka fumbi. Makina odzalira a kumeneko amakoka njere ndi mpweya, ndipo mpweyawo potuluka unkauluza fumbi lija m'mwamba. Ngati izi zinali zosakwana, kudzala kunachedwa chaka chimenecho, kotero kuti kunachitika kunja kutauma, kuli mphepo, mitengo ya zipatso ndi maluwa a m'mbali mwa minda zitamasula kale. Fumbi linakatera pa maluwawo, ndipo njuchi zinalituta pamodzi ndi mungu n'kukaliika m'nkhokwe zawo. Ming'oma yoposa 11,000 ya alimi a njuchi pafupifupi 700 inaonongeka m'masabata owerengeka. Akatswiri a bungwe la boma la Julius Kühn atapima njuchi zakufazo anapeza clothianidin pafupifupi mwa zonse, ndipo m'mwezi wa Meyi womwewo boma linaimitsa kugwiritsa ntchito mankhwalawo pa mbewu ya chimanga. Kampani ya Bayer, imene inkawapanga, inapereka ndalama zokwana ma euro pafupifupi 2 miliyoni kuti zipepese alimi a njuchi. Dziko la Italy, limene nalonso linkaona njuchi zikufa nthawi yodzala chimanga, linaimitsa mankhwala otere m'chaka chomwecho.

Nkhani ya ku Rhine inatha msanga chifukwa umboni unali poyera. Koma inatsegula maso a anthu ambiri pa mankhwala amene kufikira nthawi imeneyo ankatamandidwa kuti ndi osalakwa kanthu.

Chikonga chatsopano

Clothianidin ndi mmodzi wa banja la mankhwala otchedwa neonicotinoid. Dzinali lisatiopse, pakuti tanthauzo lake ndi "chikonga chatsopano". Ife a dziko la fodya chikonga timachidziwa, ndipo mpaka lero alipo alimi amene amaviika masamba a fodya m'madzi n'kuwaza pa ndiwo za m'dimba kuti nsabwe zife. Akatswiri anapanga mankhwala ogwira ntchito mofanana ndi chikonga koma amphamvu kwambiri pa tizirombo. Amakakamira pa mitsempha yonyamula uthenga m'thupi mwa kachirombo n'kuichititsa kutumiza uthengawo kosalekeza, mpaka kachiromboko kanjenjemera, kuuma ndi kufa. Oyamba a m'banjali, otchedwa imidacloprid, anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1991.

Tisawanamizire opanga ake: panali zifukwa zabwino zowalandirira. Kwa munthu ndi ziweto mankhwalawa ndi osaopsa kwambiri poyerekeza ndi ena akale amene ankadwalitsa opopera. Ndiponso safuna mpope. Amasungunuka m'chinyezi cha m'nthaka, mizu imawamwa, ndipo amayenda ndi madzi a m'mbewu kufikira tsamba lililonse, kotero kuti kachirombo kakangoluma kapena kuyamwa, kwake kwatha. Koma walira mvula walira matope. Madzi omwewo amene amafika kumasamba amafikanso kumaluwa, ndipo mankhwala amapezeka mu mungu ndi m'timadzi totsekemera timene njuchi zimapangira uchi. Kuwonjezera apo, mbewu imamwa gawo lochepa chabe la mankhwala amene anamatidwa pa njere, kawirikawiri losapitirira magawo 20 mwa 100. Otsalawo amakhala m'nthaka miyezi yambiri, ndipo udzu ndi maluwa a m'malire a munda amawamwanso.

Mphamvu yake pa njuchi ndi yovuta kuikhulupirira. Muyeso wokwanira kupha theka la njuchi zimene zaudya ndi pafupifupi magawo 4 mwa magawo 1,000,000,000 a galamu pa njuchi imodzi. Ophunzira angawerengetse okha: galamu imodzi yokha, itagawidwa mofanana, ingaphe njuchi zoposa 100 miliyoni. N'zoona kuti mankhwala opezeka m'duwa limodzi ndi ochepa kuposa muyeso wakuphawu, ndipo pa mfundo imeneyi ndi pamene opanga mankhwala anaima nji kwa zaka zambiri. Funso limene linatsala linali lakuti: nanga njuchi imene yadya pang'ono osafa, ili bwinobwino kodi?

Alimi a njuchi a ku France anali atayankha kale kuti ayi. Kuyambira cha m'ma 1994, pamene mbewu ya mpendadzuwa inayamba kukutidwa ndi imidacloprid, iwo ankadandaula kuti njuchi zopita kukagwira ntchito m'minda ya mpendadzuwa zikusowa ndipo uchi ukuchepa. Analibe mitembo yoonetsa, koma anachita khama mpaka m'chaka cha 1999 boma lawo linaimitsa mankhwalawo pa mpendadzuwa. Umboni wogwirika unabwera m'chaka cha 2012. Katswiri wina, Mickaël Henry, ndi anzake a mumzinda wa Avignon anamata tizida tating'onoting'ono pamsana pa njuchi zoposa 600, ndipo pakhomo pa mng'oma anaikapo makina olemba njuchi iliyonse yolowa. Zina anazimwetsa madzi a shuga okhala ndi kamuyeso kosapha ka thiamethoxam, mbale wake wa clothianidin, ndipo zina madzi a shuga okhaokha. Kenaka anakazitaya pa mtunda wofika kilomita imodzi. Mwa njuchi 100 zilizonse zomwa mankhwala, zapakati pa 10 ndi 30 zinalephera kupeza kwawo, kuwonjezera pa zimene zimasochera masiku onse. Zinali zamoyo, zikutha kuuluka, koma njira inali itafufutika m'mutu. Ena anatsutsa kuti muyeso umene anazipatsa unali wokulirapo kuposa umene njuchi imakumana nawo m'munda, ndipo mkangano umenewu unatenga zaka. Koma kuti mankhwalawa amasokoneza nzeru za njuchi, kafukufuku wina wambiri anatsimikiza pambuyo pake.

Kuti tione kulemera kwa kusochera kumeneku tiyenera kukumbukira kakhalidwe ka mumng'oma. Mng'oma wamphamvu umakhala ndi njuchi zofika 50,000, ndipo mfumukazi ingaikire mazira 1,500 kapena kuposa pa tsiku. Njuchi yantchito, pa nyengo yotanganidwa, imakhala ndi moyo masabata asanu ndi limodzi okha. Masabata atatu oyamba imakhala m'nyumba: imasesa zisa, imadyetsa ana, imamanga zisa ndi phula lochokera m'thupi mwake, kenaka imalonda pakhomo. Ikakhwima m'pamene imatuluka kukafuna chakudya, ndipo ntchito imeneyi ndi ya mutu. Imayenera kukumbukira mitengo ndi zitunda za m'njira, kuwerengera pamene pali dzuwa, ndi kukauza zinzake kumene kuli maluwa mwa kavinidwe kake kaja kamene Karl von Frisch anakamasulira, nalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1973. Tsono akuluakulu okatenga chakudyawa akamasowa tsiku ndi tsiku, njuchi zazing'ono zimakakamizika kusiya kulera n'kutuluka zisanakhwime. Sizidziwa bwino ntchitoyo, zimafa msanga, ndipo ana otsala m'zisa amasowa owadyetsa. Zili ngati mudzi umene amuna ndi amayi ake onse apita kumunda osabwerako, makasu n'kutsalira ana a sukulu.

Mlandu wopanda wolakwa mmodzi

Maiko a m'bungwe la European Union anachepetsa kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala atatu aja m'chaka cha 2013, ndipo mu 2018 anawaletseratu pa mbewu zonse za panja. Wina angaganize kuti nkhani inathera pomwepo, mlimi wa njuchi atapambana. Sizinatero. M'chaka cha 2020 nsabwe za m'mbewu zinafalitsa matenda achikasu m'minda ya ku France ya mbewu ya mizu imene amapangira shuga, ndipo zokolola zinatsika ndi pafupifupi magawo 30 mwa 100. Alimi analira, boma linawalola kubwerera ku mankhwala aja kwa zaka ziwiri, kufikira bwalo lalikulu la milandu la bungwelo linagamula mu Januwale 2023 kuti chilolezo chotere n'chosemphana ndi lamulo. Amene anaonapo munda wake ukutha ndi mbozi sangamuseke mlimi wa ku France ameneyu.

Ndiponso chilungamo chikutikakamiza kunena kuti mankhwala sali okha pa mlanduwu. M'chaka cha 2017 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu amene anachitika m'malo 33 a ku Britain, Germany ndi Hungary. Ming'oma inaikidwa pafupi ndi minda ya mbewu yamafuta, ina yokutidwa ndi mankhwala ndi ina yosakutidwa. Ku Hungary ming'oma yoyandikana ndi clothianidin inatuluka m'nyengo yozizira ili ndi njuchi zochepa ndi magawo 24 mwa 100. Ku Britain nakonso inavutika. Koma ku Germany sikunaoneke choipa chilichonse. Kusiyana kwake kunali kotani? Njuchi za ku Germany zinali ndi matenda ochepa, ndipo zinali ndi maluwa ena ambiri oti zidyeko, kotero kuti mbewu yamankhwalayo inali kagawo kochepa chabe ka chakudya chawo. Kwa ine, pa zonse zimene zalembedwa pa nkhaniyi, mfundo imeneyi ndiyo yofunika kuposa zina.

Matenda amene akunenedwawa gwero lake lalikulu ndi kachirombo kofiirira konga nkhupakupa, kotchedwa varroa. Kwawo ndi ku Asia, kumene kanali kukhala ndi mtundu wina wa njuchi wozolowerana nako. Kanafika ku Germany m'chaka cha 1977, ku United States mu 1987, ku South Africa mu 1997, ndipo ku Kenya kanapezeka mu 2009. Kamaswana m'zipinda za ana a njuchi, kamadya mafuta a m'thupi mwawo, ndipo kamafalitsa matenda opundula mapiko. Akatswiri a ku Italy anaonetsa mu 2013 kuti clothianidin amafooketsa chitetezo cha m'thupi mwa njuchi, matenda a mapikowa n'kupeza mpata wochulukana. Choncho njuchi imene ikudya mungu wa mtundu umodzi wokha, nkhupakupa ili pamsana, ikalawa kamuyeso kochepa ka mankhwala imagwa, pamene inzake yokhuta ndi yathanzi ikadapirira. Ofufuza akafunsa kuti chapha mng'oma n'chiyani, yankho limavuta ngati kufunsa chimene chapha munthu amene anadwala malungo m'chaka cha njala.

Pano ndipatuke pang'ono. Kawirikawiri timamva kuti njuchi zikutha padziko lapansi. Kunena za njuchi zoweta, zimenezi si zoona: chiwerengero cha bungwe la FAO chikuonetsa kuti ming'oma yachuluka kuposa zaka 60 zapitazo, ndipo tsopano ilipo pafupifupi 100 miliyoni. Chimene chikuchitika n'chakuti m'maiko ena alimi amataya ming'oma yambiri chaka chilichonse, n'kumagawa yotsalayo kuti abwezeretse, ndalama ndi thukuta zikupita. Zimene zilibe wozibwezeretsa ndi njuchi zam'tchire ndi tizirombo tina tonyamula mungu.

Nanga kwathu kuno?

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu kulibe makina ambiri ouluza fumbi ngati a ku Rhine, ndipo njuchi zathu za mu Africa zaonetsa kuti zimalimbana ndi varroa bwino kuposa za ku Ulaya. Uchi wa m'nkhalango za mombo, monga wa ku Mwinilunga ndi Kabompo m'dziko la Zambia, umagulidwa kunja mwa zina chifukwa njuchi zake zimadya kutali ndi mpope. Koma nkhalango zikuchepa, ndipo ming'oma yambiri ya masiku ano ikupachikidwa m'timitengo totsala pakati pa minda.

Njuchi imauluka makilomita atatu kuchokera pa mng'oma popanda vuto, ndipo chakudya chikasowa imapitirira. Aphunzitsi a masamu apatse ana funso ili: bwalo limene kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi makilomita atatu, kukula kwake n'kotani? Yankho ndi mahekitala oposa 2,800. M'madera athu mmene banja limalima hekitala imodzi kapena kucheperapo, ndiye kuti mng'oma umodzi umadya m'minda ya mabanja mazanamazana, ndipo mwini wake sangadziwe amene wapopera lero.

Kupopera nakonso kwachuluka. Kale mpope unali wa alimi a thonje a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, a fodya, ndi a tomato m'madimba. Koma chifikireni ntchemberezandonda zachilendo zija m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, zimene zinachititsa boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, mpope walowanso m'munda wa chimanga. Mankhwala odziwika monga cypermethrin ndi dimethoate amapha njuchi pomwepo akaigwera. Wina adzati chimanga sichifuna njuchi, pakuti mungu wake umayenda ndi mphepo. N'zoona, koma njuchi zimachifuna chimangacho: pitani m'munda m'mamawa ngayaye zitatuluka, mukamva phokoso lake. Ndipo pansi pa chimangacho pali maungu, nyemba ndi chisoso. Duwa la dzungu limatseguka m'bandakucha n'kufota dzuwa likafika pamutu, ndipo lachikazi likapanda kulandira mungu m'maola ochepawo, kadzungu kake kamachita chikasu n'kuthothoka. Mlimi amene wapopera chimanga 8 koloko m'mawa wapha antchito amene akadamuberekera maungu ake omwe, ndipo mwezi wa Epulo adzadandaula kuti chaka chino nthaka yakana.

Ngozi ina ndi ya madzi ndi zotsekemera. Njuchi zimatunga madzi ambiri oziziritsira mng'oma, ndipo zimamwa pa chithaphwi chilichonse, ngakhale pamene munthu watsukira mpope. Mu Novembala 2018, ku Constantia pafupi ndi Cape Town, njuchi pafupifupi miliyoni imodzi zinafa pamene mankhwala a nyerere otchedwa fipronil anasakanizidwa ndi zotsekemera za nzimbe m'munda wa mphesa. Nyambo inali ya nyerere, koma njuchi sinauzidwe.

Chimene chimabisa vutoli kwathu kuno ndi khalidwe la njuchi zathu. Za ku Ulaya zikavutika zimafera momwemo, mwini wake n'kuwerenga mitembo. Zathu zikaona kuti zinthu zaipa zimasamuka. Mnyamata amene wangoyamba ulimi wa njuchi akapeza mng'oma uli pululu amaloza chala linthumbu, chiuli, kapena munthu wanjiru, ndipo nthawi zina amalondola. Koma sikawirikawiri kuti akumbukire kufunsa ngati sabata imeneyo kunali kupopera.

Zochita zake sizifuna ndalama. Mbewu imene ili pa maluwa isapoperedwe pokhapokha zitafika povuta, ndipo zikatero ntchitoyo ichitike madzulo dzuwa litapendeka, njuchi zitaweruka ndi maluwa a maungu atatseka, kunja kulibe mphepo. Pofika m'mawa mankhwala amakhala atauma ndipo ukali wake wachepako. Pa ntchemberezandonda nthawi imeneyi ndi yabwinonso kwa mlimi mwini, chifukwa mboziyo imabisala masana n'kumadya usiku. Mankhwala alunjikitsidwe m'kati mwa nsonga ya chimanga mmene mbozi imakhala, osati kumwaza munda wonse. Mpope usatsukidwe pamtsinje. Mbewu yapasitolo yopakidwa utoto ikatayika pansi ikwiriridwe, ndipo matumba ake asakung'unthidwe pamphepo. Mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro, amene amagulitsidwa pamsika, ndi oyenera kuwapewa, pakuti okhawo olembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board ndiwo ali ndi malangizo a muyeso wake. Woweta njuchi naye ali ndi mbali yake: aike madzi oyera pamthunzi pafupi ndi ming'oma, muli timitengo toti njuchi ziteremo, asiye mitengo ndi zitsamba zochita maluwa pa nyengo zosiyanasiyana, ndipo pofula asakombe uchi wonse pamene chilimwe chikubwera. Koposa zonse adziwike kwa anansi ake. Akauzidwa dzulo lake kuti mawa kuli kupopera, angathe kutseka khomo la mng'oma ndi kawaya kolowa mpweya kwa maola ochepa, mng'omawo uli pamthunzi.

Kwa aphunzitsi amene sukulu zawo zili ndi kalabu ya zachilengedwe, nayi ntchito imene ana angaikonde. Awiri akhale chapambali pa mng'oma nthawi yofanana tsiku lililonse, tinene 9 koloko m'mawa, mmodzi ndi wotchi, wina ndi kope. Awerenge njuchi zolowa m'mphindi imodzi, ndi zingati mwa izo zasenza mungu, ndiponso zakufa zimene zili pansi pa khomo, pamene angayalepo thumba loyera kuti zizioneka. Pambali alembe za nyengo, mbewu zimene zili pa maluwa, ndi tsiku lililonse limene aona munthu atabereka mpope m'minda yozungulira. Ikatha nyengo imodzi ya dzinja, kope limenelo lidzakhala chinthu chimene woweta njuchi angapite nacho kwa mlangizi wa zaulimi kapena kubwalo la amfumu, n'kuloza tsiku ndi chiwerengero chake.